Mbalame za pansanja ya mayi Idesi

Taganizirani m'mawa wina wa Disembala 1998 ku Ndunde. Anthu alawirira kukapalira, koma mayi Idesi ali m'khitchini, akutsitsa mtolo pansanja. Mvula ya dzulo yadontha padenga.

Mumtolomo munali zithunzi 60 za mbalame za m'phiri la Chiradzulu. Anazijambula ndi penti mzungu wina wa pa esiteti m'nthawi ya atsamunda. Bambo awo a Idesi, a Mikaele, ndiwo ankamutcherera mbalamezo, n'kumalemba dzina la iliyonse m'munsi mwake, m'Chinyanja ndi m'Chilomwe. Mzunguyo pochoka anawasiyira zonse. A Mikaele anamwalira osajambulitsapo nkhope yawo. Chomwe chinatsala cha iwo ndi zolemba zawozo basi.

Mayi Idesi sanapite kusukulu, koma kusunga mbewu ankakudziwa. Chimanga chobzala ankachipachika pautsi kuti chisafumbwe. Zithunzizo anazisunganso chimodzimodzi, zaka makumi awiri.

Atamasula mtolo m'mawa umenewo, anakhala pansi. Zithunzi zapamwamba zinali zitada bii ndi mwaye, zina zitamatirirana ndi madzi. Nkhwali sinkaoneka, dzina lake litafufutika.

Anabwera nazo kusukulu komwe ndinkaphunzitsa. Ndinawauza za laibulale ya ku Blantyre, kumene aliyense amalowa n'kuwerenga.

"Aphunzitsi, ndipereke bambo anga kwa alendo?"

"Mukawasunga, dzinja lino latha nawo, mayi."

Patapita sabata tinakwera minibasi pa Boma. Wosamala mabuku kulaibulaleko, a Stanford, ananunkhiza pepala limodzi n'kugwira pakamwa.

"Mayi, mumawotcha nyama ya mbalamezi?"

"Nanga chiswe mwachiona penapake, achimwene?"

Anatembenuza mapepala onse. Chiswe sichinalawepo ngakhale limodzi, koma 19 anali atawonongeka ndi utsi ndi madzi. Owonongekawo mayi Idesi anawakulunga m'chitenje. Otsalawo anawagwira ndi dzanja, n'kukana kuwasiya mpaka dzina la bambo awo litalembedwa pambali pa la mzunguyo. A Stanford analemba iwo akuona, ndipo ine ndinawawerengera mokweza.

Pobwerera anafukata chitenje chija njira yonse.

Mayi Idesi anamwalira mu 2003. Zithunzi 41 zili m'kabati youma ya laibulale ija, ndipo pachikuto chomwe anazikutiramo pali dzina la Mikaele wa ku Ndunde.