Maso Ouma pa Maliro a Amayi

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kunali kudzuka, poti pasiwa munthu sagona. Amayi a mpingo anali atatopa ndi nyimbo, ena akuodzera atatsamira khoma. Panja amuna anali atazungulira moto, ngakhale kuti kwathu ku Tengani nyengo imeneyo kutentha sikuchoka ndi usiku womwe. Ine ndinakhala kumutu kwa thupi la amayi anga, maso ali gwa. Chifikireni dzulo lake kuchokera ku Blantyre ndinali ndisanagwetse msozi ndi umodzi womwe, ndipo ndinkadziwa kuti anthu aona.

Kwathu mwana wamkazi akamafika pamaliro a make amayambira kulira kumsewu. Koma ine ndinatsika pa kabaza n'kulowa m'nyumba ngati ndabwera kudzalandira mnzanga pantchito. Ndine namwino m'chipinda cha ana odwala mtima amene ali mwakayakaya. Mwana akatisiya kumeneko timachotsa timachubu, kumupukuta, kumukulunga, kenako kusamba m'manja n'kuthamangira pa bedi lina, chifukwa makina amakhala akulira kale ndipo ndife ochepa. Poyamba ndinkakalirira kuchimbudzi. Kenako ndinasiya, sindikudziwa kuti liti. Ndinkangoona kuti tulo tatha, chakudya sichikoma, ndipo amayi akaimba foni ndinkayankha mwachidule n'kulonjeza kuti ndibwera mwezi wamawa.

Kutacha, moto wophikira unayaka kuseri kwa nyumba, ndipo fungo la nsomba zouma za makakana linasakanikirana ndi utsi. Anthu anayamba kufika. Anzawo a amayi ogulitsa nawo mapira ku Bangula anabwera pa lole, abale a kutsidya anaoloka Shire pabwato n'kumalizira wapansi, fumbi lili mbuu kumapazi. Mayi aliyense wofika ankandigwera m'khosi akulira, ena m'Chisena ena m'Chimang'anja, ndipo ine ndinkawasisita pamsana monga ndimachitira ndi makolo a ana a eni. Wina ananong'ona kuti a m'tauni amalirira mumtima. Mnzake anati mwina pali chimene ndikudziwa pa imfayi. Ndinamva, koma ngakhale kupsa mtima sikunabwere.

Posambitsa thupi anandilowetsa nawo pamodzi ndi mayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi. Manja anga sanadikire kuuzidwa. Ndinatembenuza thupi, kupukuta, kuongola miyendo, zonse mwachangu ndi mwaukhondo, mpaka ndinapezeka ndagwira pamkono ndi zala ziwiri, ndikufunafuna kugunda kwa mtima. Mayi aang'ono anandigwira dzanja.

“Pang'onopang'ono, mwananga. Palibe bedi lina likukudikira kuno.”

Ndinachita manyazi, koma manyazi si misozi. Ndinayang'ana nkhope ya amayi ndikufunitsitsa kuti china chake chiduke m'kati mwanga. Ndinkawafuna amayi, ndinkafuna mawu awo aja ondinena kuti ndaonda ngati bango, koma kufunako kunali ngati kwa munthu wina amene ndikumuonera pawindo.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Adzukulu anasenza bokosi mosinthana, kudutsa m'minda ya thonje youma, ife pambuyo ndi nyimbo. Kunalibe ndi kamtambo komwe. Nkhalamba ina inakomoka ndi kutentha pafupi ndi mlambe wa kumanda, ndipo ndinali woyamba kuigwadira, kuimasula mpango ndi kuitanitsa madzi. Kunena zoona, tsiku lonse ndi pamenepo pokha pamene ndinadziwa chochita. Atatsitsa bokosi, mlongo wanga, bambo wamkulu wa ndevu zake, analira mpaka anamugwirira. Ine ndinaika nkhata yanga bwinobwino, n'kuongolanso ya mnzanga imene inapendekeka.

Madzulo anthu anabalalika. Lole inapita, moto unazima, ndipo m'nyumba munatsala mikeka ndi fungo la anthu ambiri. Chete wotere ndinali nditamuiwala. Makutu anga ankangoyembekezera kulira kwa makina. Ndinayamba kupinda mikeka kuti manja apeze chochita. Mayi aang'ono anandiuza kuti ndisiye, anakhala pansi n'kutambasula miyendo, ndipo anandigoneka pamiyendopo ngati kamwana, ine mayi wamkulu ndi thupi langali.

Ndinawauza kuti ndikuopa kuti ndinauma mtima, kuti amayi apita osalandira msozi wa mwana wawo. Iwo sanandikanire kapena kunditonthoza. Anangofunsa kuti ana amene anafera m'manja mwanga ndinawalira liti. Ndinati kulibe nthawi yake.

“Nkhabe, ayi mwananga, maliro sadumphana. Yamba ndi iwowo, unditchulire mmodzimmodzi.”

Ndinaganiza kuti mayina ndinaiwala, koma anabwera. Kamtsikana kamene kankakana kuvula nsapato pogona. Kamnyamata ka milomo yakuda kamene kankanditcha ambuya kuti ndikwiye. Khanda limene make anali asanalipatse dzina. Pofika pa ameneyo chitenje cha mayi aang'ono chinayamba kunyowa. Ndinayesa kudzuka, ndikuti lero ndi tsiku la amayi, si la ana a eni. Iwo anandibwezera mutu pansi.

“Maliza kaye awa. Amako adikira, anazolowera kukudikira.”