Chithumwa cha m'jombo ya malume

Nditasiya koleji, kapena koleji itandisiya, pakuti mpaka lero sitinagwirizane kuti anayamba ndani, ndinakakhala kwa malume ku Dwangwa. Kwa amayi ku Nkhunga nyumba inali itadzaza kale ndi azing'ono anga. Malume anandipatsa kachipinda kogona njinga, ndi lamulo limodzi: ndidye, ndigone, koma tsiku limene ndidzawachititse manyazi pagulu, ndidzadziwe kuti minibasi pamsewu sizisowa.

Iwo anali kapitawo wa odula nzimbe, ndiponso mkulu wa mpingo, mmodzi wa aja amaima kutsogolo Lamulungu n'kudzudzula zithumwa mpaka mawu kusasa. Ine ndinali mlembi wa nkhani zazifupi, udindo umene ndinadzipatsa ndekha pamwambo umene panalibe wina aliyense. Ndinkalembera pafoni. Kulemba sikunkandivuta, koma kutumiza. Nkhani ikatha ndinkaiwerenga, kuikonza, kuiwerenganso, mpaka ndione kuti mkonzi aliyense wa magazini akaiona adzaitana anzake kuti adzaseke limodzi. Ndiye ndinkaisiya. M'fonimo munadzaza nkhani zomalizidwa zimene sizinapiteko kulikonse.

Chimene chinandichiritsa ndinachitola pakamwa pa malume omwewo. Tsiku lina phulusa la nzimbe likugwera pazovala zimene anti, akazi awo, anayanika, malume anafotokoza kuti munda ukangotenthedwa palibenso zokambirana. Nzimbe yopsa imadulidwa n'kupita kufakitale msanga, ikachedwa imasasa. Ananenanso zina zokhudza zimene amachita asanayatse moto, koma ine ndinali nditamva kale zimene ndinkafuna.

Ndinatsegula mafoda m'foni motsatira ntchito ya kumunda. Nkhani yongoyamba inkakhala mu Zobzala. Ndikaikonza komaliza inkalowa mu Zopsa, ndipo yalowa m'menemo sinkaloledwa kuwerengedwanso: sabata isanathe izipita. Yotumizidwa inkakhala mu Zakufakitale, pamodzi ndi dzina la kumene yapita, kuti ndisatumize nkhani imodzi kuwiri. Zokanidwa zinkapita mu Makoko. Foda imeneyi inanenepa msanga kuposa zinzake, koma kwa nthawi yoyamba ndinali munthu wokanidwa mwadongosolo, ndipo ndinkayenda pamsika mutu uli m'mwamba.

Tsono panali nkhani ina. M'mawa wina ndikusesa pakhonde ndinagwetsa jombo ya malume, ndipo munatuluka kanthu kosokedwa m'kansalu kakuda, kakang'ono ngati chala. Ndinakabwezera msangamsanga. Anti, amene anandiona, anangoti n'koteteza ku njoka za m'munda, ndipo ndikafuna kukhalitsa pakhomopo ndichite ngati sindinakaone. Ndinamvera. Pakamwa sindinauze munthu. Ndinangolemba nkhani ya kapitawo wina, mkulu wa mpingo, wachipande chofika kunkhongo, wokonda kutsokomola kawiri asanayambe pemphero, amene amayenda ndi chithumwa m'jombo. Ndinati zimenezi ndidzasintha pambuyo pake. Koma nkhaniyo inakoma, ndinaiika mu Zopsa ndili wosangalala, ndipo lamulo ndi lamulo. Inapita ku wailesi ina imene imawerenga nkhani za omvera Lamulungu masana.

Sindinade nkhawa, chifukwa nkhani zanga zonse zinkabwerera. Ndinkadalira kukanidwa ngati mmene munthu amadalira kuti kucha.

Uthenga wa a wailesi unafika ndili kometetsa, kumene ndinkatchajitsa foni. Anati nkhani yanga aikonda ndipo iwerengedwa Lamulungu likudzalo, ndi dzina langa ndi dera langa. Wometa atandiona nkhope anandifunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta. Ndinati ayi, ndapambana.

Sabata imeneyo ndinaonda. Ndinalembera a wailesiwo kuti mwina asinthe kapitawo akhale msodzi wa ku Ngala, koma sanayankhe, mwina ankaona ngati ndi nthabwala za alembi. Ndinaganiza zochotsa mabatire m'wailesi ya malume, koma m'nyumba zonse za mzere wathu wailesi zinalimo, ndipo theka la anthu ake anali a gulu lawo lodula nzimbe, theka linalo a tchalitchi chathu. Ndinapinda zovala zanga n'kuziika m'chikwama. Ndinayesanso kuyeseza mawu okawauza amayi ku Nkhunga, kuti mwana wawo wabwezedwa kachiwiri, koma ulendo uno chifukwa chochita bwino. Malume akatsokomola kuchipinda, ine ndinkayang'ana chikwama chija.

Lamulungu kutchalitchi anawerenga mawu ndi malume omwewo. Anatsokomola kawiri asanayambe. Ndinayang'ana pansi mpaka pomaliza.

Titadya, anakhala pakhonde monga mwa nthawi zonse, wailesi pamwendo, jombo zija zili pambali pawo pomwepo. Anti ankasankha mpunga palichero. Ine ndinakhala pamwala pafupi ndi njira, pamalo amene munthu angathe kunyamukapo mosavuta. Wowerenga anatchula dzina langa. Malume anakweza wailesi.

Sindinadziwe kuti ndinalemba momveka chonchija. Chipande chinamveka. Chifuwa chija wowerengayo anachita kuchitsokomola ndithu, kawiri, mwaluso. Pofika pa jombo, kunyumba yoyandikana nafe kunamveka munthu akuseka, wina n'kumuletsa. Anti anasiya kusankha mpunga, maso ali palichero. Malume sanagwedezeke. Ine ndinkawerengera m'mutu ngati njinga ndingaitsanzike kapena ndingonyamuka.

Nkhani itatha malume anazimitsa wailesi. Anayang'ana kumene utsi unkakwera kuminda. Kenako ananena mokweza, mokwanira kuti oyandikana nafe amve, kuti munthu ameneyu akumudziwa bwino, ndi kapitawo wina amene anapuma ntchito kalekale n'kubwerera kwawo kumpoto, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anthu ena amapemphera ndi mitima iwiri. Anti anavomereza kuti n'zoona, anali wachipande bambo amene uja. Kunyumba ina kuja kunali zii.

Kenako malume anatsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Mphwanga, tsiku lija ndinkanena za kutentha munda, unamva zonse?"

Ndinati ndinamva zambiri.

"Tisanayatse timayamba tazungulira munda wonse, tikukuwa, kuona ngati mulibe munthu. Ukatero ndiye uyatse."

Ananyamula jombo zawo n'kulowa nazo kuchipinda. Kuyambira tsiku limenelo sizinagonenso pakhonde.

Za minibasi sananene. Ndinadikira madzulo ake, ndinadikira m'mawa, ndipo chikwama chinakhala chopakira mpaka nyengo yodula itatha, pamene anti anandiuza kuti ndichotsemo zovalazo zisanachite nkhungu. M'foni ndinawonjezera foda ina pakati pa Zobzala ndi Zopsa, dzina lake Kuzungulira. Nkhani iliyonse imayamba yagona m'menemo, ine n'kumaiyenda mzere ndi mzere kufunafuna chipande, chifuwa, kapena chilichonse cha munthu amene amandidyetsa. Ndimapezamo anthu kawirikawiri. Sabata yatha ndinatulutsamo anti, atanyamula lichero lawo.