Fulashi ya a Pungulani

Dzina loti Pungulani sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi telala wa khomo loyandikana ndi shopu yawo, atatopa kumva mawu amodzimodzi tsiku ndi tsiku kudzera pakhoma la matabwa: "Izi n'zopanda ntchito, tipungule." Eni akewo analilandira ndi manja awiri, ndipo mpaka lero sanazindikire kuti telala ankawanena.

Shopu yawo yokonzera makompyuta inali kachipinda ka pansi pa masitepe, kopanda zenera, kodzaza makina akufa osanjikizana mpaka kudenga. Pampando wa alendo ankaikapo dala bokosi la mawaya, kuti wobwera aimirire ndipo asachedwe. M'khosi mwawo munkalendewera fulashi yakuda, kachipangizo kosungira za pakompyuta, pachingwe cha nsapato. Ulemerero wawo wonse unali mmenemo.

M'fulashimo munali sisitemu, pulogalamu yaikulu ija imene imadzutsa kompyuta n'kumayendetsa zonse. Amisiri ena amaiika m'makina momwe inachokera kwa opanga. A Pungulani ayi. Iwo anaitumbula ngati nkhuku, n'kumachotsa chilichonse chimene sichinawasangalatse: masewera, zanyengo, zilankhulo za kutali, timapulogalamu ta mapulinta, ngakhale kanyimbo ka poyatsa. Zaka khumi ndi ziwiri anakhala akuisenda. Pakhoma anamata pepala la zonse zimene anachotsa, lolembedwa ndi bolopeni m'timizere tothinana, chilichonse ndi nambala yake, ndipo kasitomala ankaonetsedwa pepalalo afune asafune.

"Opangawo amakuyesani zitsiru," ankatero. "Amakusenzetsani zinyalala. Yangayi imayaka musanakande n'komwe m'mutu."

Kuyaka inkayakadi msanga, pamenepo tisawanamizire. Mavuto ankayamba munthu akafika kunyumba. Mphunzitsi wina atabwerera kudzadandaula kuti pulinta yake yasiya kumvana ndi kompyuta, a Pungulani anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kumufunsa ngati mapepalawo amadya. Mphunzitsiyo anatuluka akupukusa mutu ndipo sanabwerenso.

Khalidweli linayamba kale. Ali wamng'ono anamasula wailesi ya bambo awo, ndipo pobwezera tizitsulo tinayi tinatsala patebulo. Anati tinali towonjezera. Wailesiyo sinalankhulenso. Atakula anapungula moni, anapungula maliro a abale, anapungula ulendo wa kwa apongozi, mpaka mkazi wawo anaona kuti wotsatira ndi iye, analongedza zake n'kumapita. M'mawa mwake a Pungulani anauza telala, osachita manyazi ngakhale pang'ono, kuti nyumba yapepuka.

Munthu yekhayo amene sanawataye anali achemwali awo aakulu, wotayipa mu ofesi ya loya. Makolo atamwalira, zala za achemwaliwa n'zimene zinawalera ndi kuwatumiza kukaphunzira za makompyuta. Zalazo zinali zikadali zachangu, koma maso anali atayamba kuchita chifunga, ndipo ku ofesi palibe ankadziwa. Ankagwiritsa ntchito laputopu yawoyawo, atakhala pakona, sikirini italoza kukhoma. M'sisitemu munali kagalasi kokuza zilembo: akadina mabatani awiri, chilembo chilichonse chinkakula ngati chala chachikulu. Ndi kagalasiko anasunga ntchito zaka zitatu.

Loweruka lina masana achemwali anafika ku shopu, laputopu ili m'chikwama, chikwamacho atachikumbatira. A Pungulani sanachotse bokosi lija pampando.

"Achimwene, kuntchito kwabwera bwana watsopano," anatero achemwali. "Lolemba m'mawa atiyesa otayipa tonse atatu, ndipo asunga mmodzi yekha. Makinawa akukwawa. Mungondithandizako kuti aziyenda."

"Zing'onozing'ono izo."

"Koma pali kagalasi kaja kokuza zilembo. Kameneko ndiye ndima..."

"Achemwali, inu tayipani, za m'katizi mundisiyire. Ine ndinakuphunzitsanipo kulemba kalata?"

Mawu oti kagalasi anawamva ndithu, koma analowera khutu ili n'kutulukira linalo, chifukwa makasitomala onse amabwera ndi timawu tawo. Kagalasiko kanali papepala la pakhoma, nambala 41, pansi pake pali pulogalamu yowerengera mokweza anthu osaona. Anazichotsa zonse tsiku limodzi, akuseka, nati wosaona sagula kompyuta. Achemwali anaima moyang'anizana ndi pepalalo mphindi khumi zathunthu, ndipo sakanatha kuwerengapo ngakhale chilembo chimodzi.

"Mudzatenge Lolemba popita kuntchito," anatero a Pungulani.

Lamlungu anagwira ntchitoyo mosamala, monga mwa kusamala kwawo. Mafayilo onse a achemwali anawakopera pambali, osataya ngakhale imodzi. Kenako anavula fulashi m'khosi, anafomata makinawo, kufufuta zonse, n'kuikamo sisitemu yawo yosendasenda. Laputopu inayaka mwaphuma, ndipo iwo anadziombera m'manja okha m'kachipindamo.

Lolemba hafu seveni achemwali anafika akupuma mwabefu, basi itawachedwetsa. A Pungulani anayatsa laputopu, anawerenga mokweza mpaka sikisi, sikirini inawala, anaitseka n'kuwapatsa.

"Mukawauze anzanuwo kuti ayambe kulongedza," anatero.

Achemwali anathokoza n'kuthamanga.

Anabwerera cha m'ma thuu koloko, nthawi imene sanayendepo mumsewu pa tsiku la ntchito. Anaika laputopu patebulo pang'onopang'ono, pamwamba pake envulopu yoyera. Kenako ananyamula okha bokosi la mawaya lija, analiika pansi n'kukhala.

"Mwaweruka msanga," anatero a Pungulani. "Yathamanga eti?"

"Yathamanga."

"Ndiye?"

"Bwana anatitumizira chikalata pakompyuta kuti tichikonze m'ola limodzi. Ndinadina mabatani aja, zii. Ndinadinanso, zii. Ndinayandikitsa nkhope mpaka mphuno kugunda sikirini, osadziwa kuti bwana aima kumbuyo kwanga. Anandifunsa kuti, mayi, kodi mukuona? Ndikanayankha chiyani, achimwene?"

Kuseri kwa khoma makina a telala anasiya kulira.

Pakamwa pa a Pungulani panathamangira kumene panazolowera.

"Mukanandiuza kuti maso..."

"Ndinakuuzani."

"Komatu anthu ambiri sakagwiritsa ntchito kameneko. Mwa anthu handiredi, mwina mmodzi."

Ananenadi zimenezo, kwa munthu amene anawagulira nsapato zoyamba. Achemwali anangowayang'ana ndi maso awo achifungawo. A Pungulani anatsegula laputopu n'kuyamba kugogoda mabatani mwaukali, akufunafuna pobwezera kagalasiko. Panalibe. Anakazula ndi mizu yomwe, ndipo nthawi zonse ankanyadira kuti chimene achotsa iwo sichimeranso. Sisitemu yathunthu ya opanga anaitaya kalekale, poti inkadya malo.

"Ndikapempha yathunthu kwa uja wa pamphambano," anatero. Wa pamphambanoyo anali mmisiri mnzawo amene iwo ankamutcha mbuli pamaso pa anthu. "Mawa m'mawa ikhala itatheka."

"Mawa ndikatayipe kuti?"

Achemwali anakankhira envulopu ija kutsogolo.

"Ndiwerengereni. Kumeneko ndinachita manyazi kupempha munthu."

A Pungulani anaitsegula. Inali kalata yaifupi, yaulemu, yothokoza achemwali chifukwa cha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, n'kuwafunira mpumulo wabwino. Anaiwerenga mokweza ndi mawu opyapyala ngati a mwana wa sukulu. Achemwali anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo, zala zikugunda zokha pang'onopang'ono pasiketi. Atatha anailandira, anaipinda kanayi n'kuiika m'chikwama.

Kenako anatembenukira kukhoma kumene kunali pepala lija. Ankaliona ngati kachigamba koyera basi.

"Iwe," anatero, monga ankawaitanira ali mwana. "Pepala lako lija lili apa eti? Tandiwerengera nalonso. Ndimve kuti ine ndili pa nambala yanji."

A Pungulani sanafunike kuyang'ana. Nambalayo ankaidziwa pamtima, monga ankadziwira zonse. Anangogwira fulashi ya m'khosi ija, achemwali akudikira.