Ndinayankha Kuti "Ife"

Pulogalamu ija ndinailemba ndekha. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa tsiku limene ankafunika sindinawanene.

Nthawi imeneyo ndinkakhala kwathu ku Lirangwe ndi amayi, omwe miyendo inali itayamba kuwavuta moti kungofika pamsika unali ulendo. Kampani ina yakunja inkafuna wolemba mapulogalamu a pakompyuta, woti azigwira ntchito ali kwawo. Ndinaifunitsitsa ntchitoyo: laputopu patebulo, amayi pakhonde, ine osapita kulikonse.

Mayeso olemba ndinakhoza bwinobwino. Kunangotsala kucheza pa vidiyo ndi mayi wina amene akanakhala bwana wanga. Kwathu netiweki imabwera ikafuna, choncho ndinakwera minibasi kupita ku Chileka kwa msuweni wanga. Jekete ndinachita kubwereka. Nkhawa yanga yonse inali pa ndege, kuti ingadutse pamwamba pa nyumba ndili mkati molankhula. Ndegeyo ndinkainamizira, tsiku limenelo sinadutse n'komwe.

Mayiyo anandifunsa za pulogalamu imene ndinapangira kalabu ya alimi a kwathu, yowatumizira uthenga pafoni ogula nandolo akamabwera. Ndinafotokoza m'Chingerezi chosalala ndithu, koma chilichonse chinkatuluka ndi "ife". Tinaona vuto, tinaganiza, tinalemba, tinakonza.

"Munalipo angati pa ntchitoyi?" anafunsa mayiyo.

"Tinkathandizana ndi anzathu," ndinayankha ndikumwetulira.

Anzathu ake ati? Alimi aja ankangondiuza kuti uthenga wafika kapena sunafike. Kungoti ine ndinakulira m'nyumba imene mwana akanena kuti "ndachita ndine", amayi ankamuyang'ana mpaka mawuwo abwerere m'kamwa. "Ine, ine, unabadwa wekha iwe?" ankatero. Kwathu munthu waulemu amati tayesetsa, ngakhale munda wonse walima yekha.

Mayi uja anayesanso. "Nanga inuyo panokha, mbali yanu inali iti?"

Ankandipatsa mpata pamenepo, ine osazindikira.

"Tinangochitako pang'ono pamene tikanatha," ndinatero, maso ali pansi ngati ndili kwa apongozi.

Yankho linabwera pa imelo. Anati anasangalala kucheza nane, koma sanathe kuona chimene ineyo ndinachita pa ntchito ija. Ndinapsa mtima, poyamba ndi iwowo, kenako ndi pakamwa pangapa. Mpaka lero zimandiwawa. Akanandikana chifukwa chosadziwa ntchito, bwenzi nditaiwala kalekale.

Amayi ndinangowauza kuti sizinayende. Ndikanawauza bwanji kuti ulemu umene anandiphunzitsa ndi umene ukundichotsa pakhomo pawo? Patapita nthawi ndinapeza ntchito ina ya mu ofesi ku Lilongwe, ndipo ndinapita. Achemwali anga a ku Madziabango ndi amene amakawaona amayi akapeza mpata, koma nawonso ali ndi banja lawo.

Kuno ndimakhala ndekha m'kachipinda ka lendi. Lamlungu masana amayi amaimba foni.

"Muli bwanji kumeneko, bambo?"

Ndimayang'ana mbale imodzi ndi kapu imodzi patebulo.

"Tili bwino, amayi. Kaya inu, miyendoyo?"

"Ifenso tilipo," amatero, ali okhaokha pakhonde paja.