Tsiku Limene Ndinagoneka Mayi Anga Asakudwala

Miyezi itatu yathunthu ndinkapemphera mobisa kutchalitchi china cha m'tenti, kuseri kwa siteshoni ya sitima ku Balaka. Mpingo umene ndinabatizidwamo ndinkafuna kuusiya, koma pakamwa pankandilemera. Akandifunsa chifukwa chimene sindinkaonekera Lamulungu, ndinkangoti, "Mayi akudwala ku Ntaja."

Lachinayi lina amayi anayi a mumpingo wanga wakalewo anafika pakhomo panga atavala zoyera, atanyamula shuga, sopo ndi nkhuku yamoyo.

"Titsogolereni, tikawaone odwalawo," anatero a Nabanda, mtsogoleri wawo.

Ndinathamangira kuchimbudzi kukaimba foni.

"Amayi, yalani mphasa mugone. Ndikubwera ndi anthu a mpingo."

"Iwe, ine ndili kumunda, ndikukumba chinangwa!"

"Chonde, amayi."

M'minibasi nkhuku inali pamiyendo panga, thukuta lili kamukamu. Mayi tinawapeza atagonadi, atafunda chitenje mpaka m'khosi, koma mapazi ali pamtunda, matope ake osauma n'komwe. A Nabanda anayang'ana mapaziwo, anayang'ana ine, kenako anayambitsa nyimbo. Popemphera anapempha Mulungu kuti achiritse "aliyense amene akudwala m'nyumba muno." Ine maso sindinatsinzine.

Alendo atangotuluka, mayi anadzuka n'kukutumula chitenje, ine n'kuwaululira zonse. "Ukafuna kuchoka mumpingo uzichoka ndi miyendo yako, osati ndi mtembo wanga."

Lamulungu lotsatira ndinakakhala pabenchi langa lakale, ndipo ndikadali pomwepo. Ndikanakonda kunena kuti chinandibweza ndi chikhulupiriro. Iyayi. Nkhuku ija tinadya.