Chaka Chimene Ndinaleka Kuthamanga

Pa purazi, famu ya fodya ya ku Tengwe ku Rhodesia, anthu ankandidziwa chifukwa cha miyendo. Ntchito yanga inali yosonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya, koma malonda akatha, azungu a mapurazi oyandikana ankakonza mpikisano wothamanga mtunda wautali, ndipo bwana wathu ankatuma ine. Inali nthawi ya Chitaganya. Ochokera ku Nyasalande tinalipo ambiri m'komboni, choncho ndikapambana, chisangalalo chinali cha tonse.

Chaka china ndinagwa nditangomaliza mpikisano. Sindinapunthwe. M'maso munangoda, kenako ndinatsitsimuka anthu akundithira madzi. Patapita masiku, bwana anandikweza lole yokatenga feteleza ku Sinoia, kumene lero amati Chinhoyi, kuti ndikaonane ndi dokotala.

Dokotalayo anali mzungu wachikulire. Anandiika kachitsulo kozizira pachifuwa n'kumvetsera nthawi yaitali. Anandikweretsa ndi kunditsitsa pabenchi mpaka thukuta, n'kumvetseranso. Womasulira anali Mshona, ankasakaniza chinenero chake ndi chathu.

"Akufunsa ngati munadwalapo matenda otupa mfundo muli mwana, baba."

"Ndinadwalapo. Mawondo anatupa, ndinagona dzinja lonse."

"Akuti matendawo anawononga kachitseko kena mumtima mwanu. Sikatseka bwino, magazi amabwerera. Kuyenda yendani, ntchito gwirani, koma yopepuka. Mchere muchepetse. Mukayamba kubanika kapena mapazi akatupa, mubwerenso. Koma zothamanga zija, basi."

Ndinati, "Chabwino." Womasulira uja anandiyang'ana ngati akudikira mawu ena. Ndinavala malaya anga n'kutuluka.

Pobwerera ndinakhala pamwamba pa matumba, fumbi likundilowa m'kamwa. Ndinaika dzanja pachifuwa. Mtima unkagunda monga mwa masiku onse.

Mkazi wanga, wa ku Tete, ndinamupeza akuchapa kuseri kwa nyumba.

"Akuti chiyani kuchipatala, bambo a mwana?"

"Akuti ndisamathamange."

"Basi?"

"Ndi mchere. Akuti uchepe."

Anapukuta manja pachitenje, n'kukhala pansi pafupi nane. Iye ndiye analira. Ine ndinkangoyang'ana sopo akuuma pamwala.

Bwana sanakalipe. Anatumiza kapitawo kudzandiuza kuti moto wa m'mabalani ndiusiye, ndipite kushedi yosankhira fodya. Kumeneko tinkagwira titakhala pansi, tsamba lofiira uku, lachikasu uko, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anzanga ankayankhula nane motsitsa mawu ngati pamaliro. Patapita miyezi anazolowera, nanenso ndinazolowera.

Chaka chotsatira anasankha woyendetsa thalakitala kuti athamangire purazi yathu. Mnzathuyo anabwera kwathu, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, mundiuzeko mmene munkachitira."

Ndinamuuza kuti asayambe ndi liwiro, madzi azimwa pang'onopang'ono, ndipo akamva chifuwa chikuthina kapena mutu ukuzungulira, aime ngakhale anthu amukuwize. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti mawu omalizawo sanawatenge.

Pa tsiku la mpikisano ndinapita. Ndinaima pansi pa mtengo wa musasa pamodzi ndi azimayi ogulitsa maheu. Othamanga anadutsa, mnzathu uja ali pakati, ndipo sanapambane. Anthu ena anatembenuka kundiyang'ana nkhope, kaya ankafunapo chiyani. Ndinagula maheu n'kumwa.

Chitaganya chitatha ambiri anabwerera kumudzi. Ife tinatsala, ndipo mushedi muja ndinakalambiramo. Mapazi anadzatupa imvi zitamera kale. Ndinapitanso kuchipatala kuja monga anandiuzira, koma dokotala uja anali atachoka kalekale, ndipo amene ndinamupeza anandipatsa mapiritsi osandifunsa kuti kale ndinkatani.