Chala Chimene Ndinataya Pothamangila Basale ya Esnati

Chizindikilo choyamba chinali ludzu. Linayamba mu Seputembala chaka chatha, ndipo popeza imeneyo ndi nyengo imene dzuwa limaotcha kuno kwa Kalindawalo, sindinalilabadile. Ndinali kumwa madzi kosalekeza, koma kukhosi kunali kouma ndithu. Kupita kukataya madzi nako kunachuluka, kufikila ndinayamba kukhala pafupi ndi khomo m'tchalitchi. Thalauzi langa la Lamulungu linayamba kutsika m'chiuno. M'mwezi womwewo, ndikusosa m'munda, chitsa cha thonje chinandilasa pansi pa chala chachikulu cha phazi lamanja. Sindinamve kupweteka kulikonse. Ndinadziwa kuti ndalasidwa nditaona magazi pa patapata. Ndinatsukapo ndi madzi amchele, ndinamangapo kansalu, ndipo ndinapitiliza ntchito.

Mtima wanga unali pa nkhani ina. Ndine mlimi wa zaka zopitilila makumi asanu ndi limodzi. Kale ndinali kalaliki pa depoti yogula thonje, koma itatsekedwa ndinabwelela ku khasu wopanda penshoni. Pakhomo panga ndimalela Esnati, mwana wa malemu mlongo wanga. Makolo ake onse awili anamwalila ku Nyimba iye ali wamng'ono, ndipo ine, pokhala malume ake, ndinamutenga. Esnati anali atapatsidwa malo pa koleji ya uphunzitsi, kuti akayambe mu Januwale. Malipilo a kumeneko chimanga chathu ndi nshawa zathu sizikanawakwanitsa, ngakhale mvula itagwa bwino motani. Njila inalipo imodzi yokha: thandizo la ana osowa, lija lotchedwa basale, limene limadutsila ku komiti ya m'dela lathu. Likanalepheleka limenelo, malo ake akanapatsidwa kwa wina.

Mapepala tinapeleka m'nthawi yake. Kalata yopempha ndinailemba ndekha, ndipo ndinaikopela mobweleza kufikila mzele uliwonse utaima bwino. Kumayambililo kwa Okutobala tinalandila uthenga wakuti a komiti adzafika pakhomo Lachinayi kudzaona mmene tikukhalila.

Tinakonzeka monga banja lililonse limakonzekela alendo olemekezeka. Mkazi wanga, amai Tembo, anapita kwa aLungu, mnansi wathu amene ali ndi kantemba, nabweleka mipando yawo ya khushoni. Inabwela pa ngolo, pamodzi ndi tebulo, nsalu yake yamaluwa ndi matambula agalasi. Nkhuku anakaitenga kwa mng'ono wawo, mlamu wanga, pa lonjezo lakuti tidzabweza. Esnati anazila pansi ndi pakhonde. Ine ndinavala suti ndi tayi, ndipo phazi lachilonda lija ndinalilowetsa mokakamiza mu nsapato yopolisha. Alendo anafika, anakhala bwino, anadya, ndipo anali kulemba. Mmodzi anandifunsa kuti timadya kangati pa tsiku. Ndinayankha monga mwamuna amayankhila pamaso pa alendo: ndinati Mulungu sanatitaye, timadya. Atapita, tinayamikilana kuti sitinachite manyazi.

Maina anakhomedwa pa sukulu kumapeto kwa mweziwo, ndipo la Esnati panalibe. Mlembi wa komiti, mai wachitsikana waulemu wake, anandiuza mosabisa kuti iwo analemba zimene anaona, ndipo zimene anaona sizinali za banja losowa. Anati mpata wodandaula ulipo kufikila komiti itakumananso kumapeto kwa Novembala, maina asanatumizidwe ku boma. Anandilangiza kuti ndibwele ndi umboni wakuti mwanayo ndi wamasiye: kalata ya a mfumu ndi ya mpingo za kumene makolo ake anaikidwa.

Kuyambila pamenepo sindinakhalenso pansi. Ndinali kupalasa njinga kupita kwa uyu ndi kwa uyo, kufunsa zimene ndinali nditauzidwa kale. Phazi linatupa, ndipo kansalu kanayamba kununkha. Maso nawo anachita chifunga, kotelo kuti zilembo zazing'ono zinali kundithawa. Amai Tembo anandichondelela kuti ndipite ku kiliniki. Ndinawauza kuti ndidzapita mapepala akatha.

Pakati pa Novembala ndinakwela minibasi ya ku Nyimba. Ndinavalanso nsapato zija, chifukwa chibadwile sindinaimepo pamaso pa akuluakulu nditavala patapata. Kuchokela pa msewu waukulu kukafika kumudzi kumene mlongo wanga anakwatiwa ndi mtunda ndithu, ndipo ndinauyenda wapansi. A mfumu anandilembela kalata ndi kuidinda tsiku lomwelo. Mkulu wa mpingo anali kumalilo kutsidya, ndipo ndinamudikila masiku angapo. M'masiku amenewo thupi linayamba kutentha, ndipo ndinali kunjenjemela dzuwa lili paliwombo. Ndinaganiza kuti ndi malungo. Kalata yachiwili itapezeka, ndinabwelela ku msewu. Ndikukumbukila kuti ndinafika pa siteshoni ya Nyimba, ndinaona amai ogulitsa nthochi, ndipo ndinagwa pansi. Zotsatila ndinachita kuuzidwa: amai omwewo ndiwo anandinyamula, nandipititsa ku chipatala, envulopu yanga ya makalata aja ataimanga m'chitenje kuti isatayike.

Nditatsitsimuka, namwino anali ataima kumiyendo kwanga ndi sizasi. Nsapato inali itakana kuvuka. Ndinayesa kumuletsa, ndi kumuuza kuti ndilibe zina.

"Bambo Mwanza," anatelo namwinoyo, "nsapato ku salaula, kumsika wa zovala zakale, ziliko zambili. Phazi simudzalipeza kumeneko."

Anaidula. Kenaka anandibaya pa chala cha dzanja, nayeza kadontho ka magazi pa kamakina. Dokotala atafika anandiuza kuti ndili ndi matenda a shuga, ndipo kuti ndakhala nawo nthawi yaitali osadziwa. Anafotokoza kuti ludzu, kuonda ndi chifunga cha m'maso zonse zinali kuchokela kumeneko. Kuti shuga ndiye anapha mitsempha ya kuphazi, n'chifukwa chake sindinamve chitsa chija. Ndiponso kuti chilonda chinali chitafika pa fupa. Chala chinayenela kuchotsedwa, koma poyamba anafuna kuti shuga atsike ndi kutentha kwa thupi kuchepe.

Moyo wa m'wodi uli ndi dongosolo lake losasintha. M'mawa amayeza shuga, amabaya jekeseni, amasintha dilipu, ndiyeno amabwela ndi kangolo ka mankhwala otsukila zilonda. Dokotala amazungulila, amayang'ana, amalemba, amapita. Zikatha zimenezo, chotsala ndi kudikila. Amai Tembo ndi Esnati anafika atamva uthenga, ndipo anali kugona kumalo a osamalila odwala, kumene aliyense amaphika pa mafuwa ake. Anali kuloledwa kulowa pa nthawi ya alendo yokha, ndipo nthawiyo ikatha mlonda anali kuwatulutsa mosanyengelela.

Anzanga m'wodimo anali kugona masana. Ine tulo tinandikana. Envulopu inali pansi pa pilo, ndipo dzanja langa linali kupitako lokha. Ndinali kufunsa namwino aliyense wodutsa kuti ndidzatuluka liti. Ndinali kutembenukila ku zenela, kenaka ku khomo, kenaka ku zenela. Pa bedi loyandikana nalo panali aSakala, mdala amene anathyoka mwendo atagwa pa ngolo, ndipo tsiku lina anatopa nane.

"AMwanza, bedi limenelo n'laboma," anatelo. "Mukalithyola, inenso andilemba ngati mboni. Gonani!"

Msonkhano wa komiti utayandikila, ndinapempha dokotala kuti anditulutse kwa tsiku limodzi lokha. Ndinamufotokozela nkhani yonse mwadongosolo, ndi kulonjeza kuti ndidzabwela ndekha. Anandimvetsela mpaka kumapeto, ndipo anayankha mwachidule: "Mukatuluka lelo, mudzabwela kudzasiya mwendo wonse, osati chala. Opaleshoni yanu ndi mkuja." Mkuja ndilo linali tsiku lomwelo la msonkhano.

Sindinali kuona mmene dandaulo likanayendela popanda ine. Kwathu nkhani ya mwana imalankhulidwa ndi malume ake, ndipo amai Tembo sanalankhulepo pa msonkhano wina uliwonse, ngakhale wa chigwilizano cha amai a ku tchalitchi. Koma njila ina panalibe. Ndinawapatsa envulopu, ndinawauza mau oyambila ndi omalizila, ndipo ndinawabwelezela kufikila Esnati anati, "Malume, tamva. Minibasi itisiya." Ananyamuka onse awili, ndipo ine ndinatsala wopanda wondisamalila, mpongozi wa aSakala ndiye anali kundibweletsela madzi.

Ku opaleshoni anandibaya pamsana, ndipo miyendo inachita dzanzi. Sindinaone kalikonse, chifukwa anatchinga ndi nsalu, koma ndinali maso. Ndinali kuganizila za kalasi ya pa sukulu kumene komiti imakumanila, ndi kudzifunsa ngati awili aja aitanidwa kale. Atandibwezela m'wodi, ndinapempha foni. Sinalile tsiku limenelo. Sinalilenso m'mawa mwake. Ndikaimba, inali kunena kuti munthuyo sakupezeka, popeza kwathu foni imagwila pa chulu pokha. Dzanzi litatha, ululu unabwela wamphamvu, koma ndinganene moona mtima kuti kusamva uthenga kunandisautsa koposa bala.

Amai Tembo anabwela okha patapita masiku angapo, ndipo anandisimbila ali chikhalile m'mphepete mwa bedi. Anati mau onse amene ndinawaphunzitsa anawathawa atangoimilila. Anapeleka makalata, ndiyeno ananena zawozawo.

"Ndinawauza kuti, mipando munakhalila ija ndi ya aLungu, awo akhala apowo, afunseni. Nkhuku munadya ija sitinabwezebe. Ife tinamva kuti kukubwela alendo, ndiye mlendo timukhazike pa thumba? Bwelaninso tsiku lina, koma musatiuze."

Anati anthu anaseka, ndipo aLungu anaimilila navomela, naonjezela kuti tambula imodzi inabwelela yosweka. Wapampando anati sitinali oyamba kuchita zotelo. A komiti anabweladi mosadziwitsa. Mvula inali itayamba, ndipo anapeza Esnati akusuntha mabeseni m'nyumba kutsatila pamene denga linali kudontha. Anakhala pa mphasa, analemba, ndipo anapita osalonjeza kanthu.

Ndinatuluka m'chipatala mu Disembala, nditaphunzitsidwa kutsuka bala ndi kumwa mankhwala pa nthawi yake. Kunyumba kudikila kunapitilila. Sindinali kuloledwa kuponda pansi, motelo ndinali kukhala pakhonde, phazi lili pa mpando, ndi kufunsa aliyense wochokela ku Petauke, ku boma kwathu, ngati wamva kanthu. Anzanga anali kupalila, ine ndikungopenya. Yankho linafika Khisimisi itayandikila: Esnati anavomelezedwa. Thandizolo linali la malipilo a maphunzilo okha. Za malo ogona ndi ulendo zinatsalila ife, ndipo tinagulitsa mbuzi zimene tinali nazo. Esnati ananyamuka mu Januwale. Sindinathe kumupelekeza ku koleji monga ndinafunila. Ndinafika pa msewu pokha, nditakwezedwa pa njinga ya mnansi, ndipo ndinamudalitsila pamenepo.

Lelo bala linapola. Ndimayenda ndi ndodo, ndipo phazi likuzolowela kuponda popanda chala chija, ngakhale kuti pamalo otelela ndimasamala kwambili. Maso anayela, ndipo ndikuwelenganso. Tiyi ndimamwa wopanda shuga, nsima ndinachepetsa, ndiwo zamasamba ndinachulukitsa. Mwezi uliwonse ndimapita ku kiliniki kukayezetsa ndi kutenga mankhwala, ndipo m'mawa uliwonse amai Tembo amandiyang'ana kumapazi, chifukwa namwino anati phazi losamva silidziwa kudandaula. Matendawa sachoka, koma munthu amakhala nawo ndi kugwila ntchito zake. Esnati akuphunzila, ndipo patchuti anabwela akudziwa kale kuimilila patsogolo pa kalasi.

Kwa anzanga a msinkhu wanga, makamaka amene mukulela ana amasiye ndipo mukuthamangila mapepala awo, ndili ndi mau ochepa. Ludzu losatha, kuonda kosadziwika chifukwa chake, ndi chilonda chosapweteka koma chosapola, zimenezi si za nyengo kapena za ukalamba. Musadikile kuti ntchito ithe, pakuti ntchito ya mapepala ikatha imodzi imabala ina. Pitani mukayezetse sabata yomweyo. Kiliniki yathu ili m'mbali mwa njila imene ndinali kupalasamo njinga popita kwa a komiti, ndipo ndinaidutsa ulendo uliwonse osatsika. Kuyeza kwake ndi kadontho kamodzi ka magazi, ndipo yankho limatuluka munthu asanavale chipewa. Dokotala anandiuza kuti ndikanapita ku kilinikiyo mu Seputembala, bwenzi lelo ndili ndi zala zanga zonse.